Kupepesa Maliro a Munthu Wamoyo

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma ndowa, dzina lake Yotamu. Ankakhala kumapeto kwa mudzi wina woyandikana ndi msika, ndipo pabwalo pake panali chidutswa cha njanji chimene ankawongolerapo malata. Kukacha, nyundo yake inkayamba kulira anthu asanatsegule makola. Ndowa zake sizinkadontha, mbaula zake zinkatha zaka. Koma pakamwa pake panali polemera. Mawu amene munthu wina amathera pa moni wokha, iye ankatha nawo tsiku lonse.

Mkazi wake, Nasoko, ndiye ankalankhulira onse awiri. Kwawo kunali kutali, kumapiri, ndipo anabwera pamudzipo pa chitengwa akadali mtsikana. Anali wa nthabwala zoluma, wosachedwa kupsa mtima, wosachedwanso kuiwala. Pamudzi pakagwa zovuta, iye ndiye ankayamba kufika ndi mtolo wa nkhuni pamutu.

Chaka china Nasoko anamva kachotupa m'bere. Anazengereza, monga ambiri amachitira, mpaka mwana wawo wamkazi, Zione, amene ankagwira ntchito m'sitolo mumzinda, anabwera n'kudzamutenga. Kuchipatala chachikulu anamuyeza n'kumuuza dzina la matendawo: khansa. Anamuuzanso kuti mankhwala alipo, olowa m'thupi kudzera mu diripu, koma salandiridwa kamodzi. Munthu amalandira, n'kupita kunyumba kukapuma, n'kubweranso, mpaka maulendo onse atakwana. Wolekera panjira amafanana ndi wofolera nyumba mbali imodzi.

Mankhwalawo anali aukali. Nasoko ankasanza mpaka nthiti kuwawa. Zikhadabo zinada. Chakudya chilichonse chinkamveka chitsulo mkamwa, moti poyamba ankakankha mbale n'kunena kuti, "Bambo a Zione, lero mwandiphikira malata anu kodi?" Pambuyo pake nthabwalazo zinaphwa. Tsitsi linayamba kutsalira pachipeso, kenako papilo, ndipo tsiku lina anamanga duku limene sanalivulenso, ngakhale pogona.

Anansi sanali anthu oipa. Mwezi woyamba ankabwera, n'kukhala pamkeka, n'kunena kuti pepani. Koma mwambo wathu wozonda odwala unazolowera matenda afupi, amene munthu amadzuka nawo kapena kupita nawo msanga. Awa anali aatali. Mawu oti pepani anatha, ndipo ena oposa pamenepo sankawadziwa. Wina ankaopa kuona mnzake ataonda. Wina anadumpha sabata imodzi, n'kuchita manyazi kubwera sabata yotsatira, manyaziwo n'kumakula limodzi ndi masiku. Kanjira kopita kwa mmisiri kanayamba kumera udzu.

Yotamu ankamukonda mkazi wake, ndipo ankamukonda ndi manja. Anamukhomera kandowa kokhala ndi chivundikiro, koika pambali pa bedi. Anakonza chitseko kuti chisamalire potsegula. Anasunthira njanji yake m'mphepete mwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, kuti phokoso lisamafike kuchipinda. Koma dzina la matendawo sanalitchulepo. Ankangoti "matenda aja." Nasoko akati, "Ndikuopa, bambo," iye ankayankha kuti, "Mudye kaye," n'kutuluka kukakhoma.

Pa ulendo wina wa kuchipatala Nasoko anafooka kwambiri, ndipo anamugoneka. Mng'ono wake ndiye ankamudwazika. Yotamu anapita kumzindako ndi kamba, n'kukhalako masiku angapo. Tsiku loti abwerere, anaima pambali pa bedi atagwira chipewa m'manja.

"Ulendo uno ndi womaliza," anatero Nasoko. "Akanditulutsa, kuno sindidzabweranso."

Madokotala anali atanena kuti maulendo otsala anali ochuluka ngati amene anali atayenda kale. Yotamu ankadziwa zimenezo. Anayang'ana pansi, n'kuona kuti mwendo umodzi wa bedilo ukugwedera, ndipo anayamba kuganiza za momwe angaukonzere.

Anabwerera kumudzi ndi Zione, kuti akakonze pakhomo wodwalayo asanafike. Mu minibasi monse mawu aja ankamulira m'makutu. Atafika, Zione anaitana mchimwene wake, Chiletso, n'kutulutsa foni.

"Ababa, taonani izi."

Pafonipo panali zithunzi za anthu a kunja. Pakati panali mayi wopanda tsitsi, ndipo momuzungulira munali mwamuna wake ndi ana, onse mitu mbee, onse akuseka.

"Amameta onse," anatero Zione, maso akuwala. "Kuti wodwalayo asadzione yekha. Amayi chikuwapweteka kwambiri n'tsitsi lija, mukudziwa. Mawa akamatsika, atipeze tonse tili chimodzimodzi. Muona, aseka. Akaseka, abwerera kuchipatala."

Yotamu anakanda kuchibwano. Kwathu kuno banja likameta mitu tsiku limodzi, ndiye kuti laika munthu. Masiku ano ambiri amangodula katsitsi ka pachipumi, koma tanthauzo lake palibe analiiwala.

"Nanga anthu anena chiyani?" anafunsa.

"Anthu ake ati, ababa? Amene amabwera kuno ndani?"

Yotamu anayang'ana kanjira kaja komera udzu. Ndiponso maganizowo anamukomera Yotamu pachifukwa china chimene sanachinene: inali ntchito yochita ndi manja, yosafuna mawu.

Anatenga lezala, sopo ndi beseni. Zione anayamba ndi mchimwene wake, ndipo makutu a Chiletso atatsala okha, anaoneka ngati zogwirira za poto. Anaseka mpaka lezala kugwa. Chiletso anabwezera pometa mlongo wake, akumuimbira nyimbo ya ukwati. Atafika pa bambo awo, ntchito inavuta. Mutu umene kwa zaka zambiri unabisala m'tsitsi ndi m'chipewa unali ndi zitunda ndi zigwa zake, ndipo lezala linaluma malo angapo. Anamata mabalawo ndi thonje. Yotamu anadziyang'ana pa lata latsopano, ndipo naye anaseka. Pakhomopo panali patapita miyezi pasanamveke kuseka, ndipo mtima wake unapepuka ngati wa munthu amene wapeza pomwe ndowa ikudonthera.

M'mawa mwake anadzuka ndi changu cha anthu oyembekezera mkwatibwi. Anatulutsa mipando yonse, tebulo ndi kabati yomwe, kuti akolope m'nyumba. Yotamu anasesa bwalo mpaka kumsewu. Nyundo sanaikhudze. Chiletso anathamangira kumsika kukagula nkhuku, ndipo Zione anapita kumjigo mutu uli poyera, monyadira.

Kumjigo amayi anasiya kucheza. Anamupatsa malo kuti atunge msanga, wina n'kumusenzetsa ndowa mwaulemu wachilendo. Palibe anafunsa kuti amayi ali bwanji, pakuti kufunsa kukanaulula kuti sankadziwa za mnzawo. Zione atangokhota, onse anathamangira kwa aNangondo, mayi wamkulu amene kale ankapita kumunda ndi kuchigayo limodzi ndi Nasoko.

ANangondo anamvetsera, n'kuyamba kupinda zala. Bambo anachoka masiku angapo. Abwerako opanda mkazi. Mitu yametedwa. Mipando ili panja. Bwalo lasesedwa.

"Nanga nyundo mwaimva lero?" anafunsa.

Palibe anali ataimva.

"Wapita mnzathu," anatero aNangondo, akukhala pansi. "Akamuika kwawo kumapiri. Sanatiuze, ndipo akanatiuziranji? Tinkawazonda ife?"

Uthenga wa maliro suchedwa. Manyazi amene anawatsekereza miyezi yonse ija tsopano ndi amene anawathamangitsa. Wina anasiya khasu m'munda, wina anatseka okala. Amayi anamanga mitolo ya nkhuni, anadzaza mabeseni ndi ufa, anatola nyemba ndi masamba. Dzuwa litangopendeka, mzere unatsika kanjira kaja, n'kupondereza udzu wonse. Ena pofotokoza nkhaniyi amati mudzi wonse unabwera. Sizoona. Koma analipo okwanira kudzaza bwalo.

Yotamu anali akupukuta kabati pamene anamva nyimbo yapansipansi. Anatembenuka. Amayi a patsogolo atangoponda pabwalo anayambitsa kulira, monga mwambo ulili.

"Mayo ine! Nasoko mnzanga ine! Watisiya osatsanzika!"

Nsanza inamugwa m'manja. Asanapeze mawu, a Chapola, mnansi wake wa kutsidya kwa msewu, anali atamugwira kale dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, achimwene. Tamva mochedwa."

"Ayi, koma..."

"Musavutike n'kulankhula. Tikudziwa. Limbani mtima."

"Ndikuti mayi a Zione..."

"Anali mayi wa tonsefe. Khalani pansi, khalani pansi."

Anamukhazika pampando, abambo n'kumuzinga atavula zipewa. Zione anatuluka m'nyumba akufuula kuti amayi ali moyo, koma amayi anamukumbatira, ndipo mawu ake anamira m'kulira kwawo. Anayesanso. Wina anamusisita pamsana n'kunena kuti, "Eya, mwanawe, ali moyo kumwamba." Zione analira ndi ukali, ndipo misozi yakeyo inatsimikizira aliyense amene ankakayika. Chiletso anafika ndi nkhuku kukhwapa, ndipo wina anamulandira nkhukuyo n'kumuuza kuti mfedwa sagwira ntchito.

Yotamu anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anatsegulanso. Lilime limene analisunga moyo wake wonse linakana kudzuka pa tsiku limene linafunika. Ndipo ali chikhalire choncho, anamva kulira kwa njinga yamoto kumsewu.

Njinga ziwiri za kabaza zinakhotera pabwalo. Pa yoyamba panatsika mayi woonda, wa duku lobiriwira, atagwirira phewa la woyendetsa. Anali Nasoko.

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Mtolo wa nkhuni unagwa. Beseni la ufa linagubuduka, nkhuku ija n'kupulumuka. Amati anthu anathawa mpaka kudambo, koma amene anathawadi anali mmodzi, a Chapola, ndipo anangofika kuseri kwa nkhokwe. Ena onse anauma pomwe anaima.

Nasoko anayang'ana nkhuni. Anayang'ana mipando yake ili panja. Anayang'ana nkhope zonyowa za amayi amene sanawaone kwa miyezi. Pomaliza anayang'ana mitu itatu ija, wa mwamuna wake ndi ya ana ake, ikunyezimira padzuwa. Yotamu anadikira kuseka kumene Zione analonjeza. Sikunabwere.

"Mwameta kale?" anafunsa Nasoko, motsitsa mawu.

"Amayi, si choncho, tamverani..." anayamba Zione.

Nasoko anadutsa pakati pa anthu, amene anapatuka ngati akupisa galimoto. Analowa m'nyumba yopanda mipando ija n'kutseka chitseko. Chitsekocho sichinalire, pakuti Yotamu anali atachikonza. Mng'ono wake wa Nasoko, amene anatsika pa njinga yachiwiri, anagogoda, n'kuchonderera, ndipo yankho linamveka kwa onse a pafupi.

"Kawauzeni madokotala anu asandidikire. Wometedwa kale sapita kuchipatala."

Tsopano manyazi anabwerera m'malo mwake. Anthu anayamba kuyang'ana pansi. Wina anatola mtolo wake mwakachetechete. Wina anawolera ufa m'beseni. Abambo anavala zipewa. "Tiwapatse mpata," ananong'ona wina, ndipo mawuwo anamveka anzeru, chifukwa ankamasula aliyense. Mzere unayamba kubwerera momwe unadzera.

Yotamu anaona bwalo likuphwa. Anaona momwe lidzakhalire mawa: iye, nkhuku, njanji, ndi chitseko chotseka. Anaonanso tsiku limene anthu omwewa adzabwerenso ndi nkhuni zomwezi, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala njinga yokhotera pabwalo.

Anaimirira. Anapita pansi pa mango, anatola nyundo yaikulu, n'kumenya njanji ndi mphamvu zake zonse.

Ngoo!

Mbalame zinabalalika mumtengo. Aliyense anatembenuka.

"Ikani pansi nkhunizo!"

Palibe pamudzipo anali atamumvapo akukweza mawu. Nkhuni zinaikidwa pansi.

"Mayi a Zione ali moyo," anatero. Mawu ankatuluka amodziamodzi, ngati misomali yozulidwa m'thabwa lakale. "Akudwala khansa. Khansa ya m'mawere. Ndalitchula dzinalo, ndipo sindinagwe. Matendawa sapatsirana. Mankhwala alipo, koma ndi owawa, ndipo atopa nawo. Miyezi yonseyi bwalo lino linali la ine ndi nkhuku. Lero mwalidzaza. Akanakhala kuti afadi, mukanakhala pano mpaka mawa. Ndiye khalani ali moyo."

ANangondo ndiwo anayamba kukhala pansi. Ena anatsatira.

Kenako Yotamu anaika nyundo, anayenda mpaka pakhonde, n'kugwada pakhomo, anthu onse akuona. Sanatsitse mawu.

"Mayi a Zione. Tinameta kuti musakhale nokha opanda tsitsi. Tinalakwa, chifukwa sitinakufunseni. Ine ndinalakwa kale zisanafike izi. Munkati mukuopa, ine n'kumati mudye kaye. Ndinkathawa. Inenso ndikuopa. Ndikuopa kwambiri, moti ndikamakhoma ndowa ndimakhala ndikuthamangitsa maganizo." Anapuma. "Ndowa ikamadontha ndimaona pomwe ikudonthera. Kwa inu sindikuona. Ndiuzeni."

Yotamu anakhala chigwadire, mawondo akuwawa pasimenti.

Chitseko chinatseguka pang'ono, kenako chonse. Nasoko anaima atatsamira mphuthu ya chitseko. Maso ake anali ofiira. Popeza mwamuna wake anali atagwada, chimene anachiona bwino chinali pamwamba pa mutu wake, ndi zitunda zake, zigwa zake, ndi timathonje tomata apa ndi apo. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Zione."

"Wawa."

"Zaka zonsezi mukuwongolera anthu malata, mutu wanu womwe uli chonchi?"

Wina kumbuyo anayesa kugwira pakamwa, koma zinakanika. Kuseka kunaphulika pabwalo lonse. Nasoko nayenso kunamugwira, kuseka kopweteka, kosakanikirana ndi misozi, atagwira pachifuwa. Kenako anakweza manja, anamasula mfundo ya duku, n'kulivula pamaso pa onse.

"Taonani," anatero. "Bola wanga. Wanga ndi wosalala."

"Bola wanu, amayi!" anafuula Chiletso. "Wa ababa ngati msewu wa dzinja!"

"Iwe khala chete ndi makutu akowo."

Zione anathamanga n'kukumbatira amayi ake, akupepesa mosalekeza. Nasoko anamusisita pamutu wometawo n'kunena kuti, "Nzeru za pafoni. Mtima unali wabwino, mwanawe, koma ukanandifunsa." Anamubweretsera mpando pakhonde pomwepo, ndipo atakhala anayang'ana amayi aja.

"ANangondo."

"Ndili pano, mnzanga."

"Pobwera kuno munakonza zonena za ine. Musakane, ndimakudziwani. Nenani ndimve."

ANangondo anachita manyazi, koma Nasoko sanawachotse maso. Anakonza chitenje, n'kuyamba. Ananena za chaka chimene mwana wawo anakomoka ndi malungo mtsinje utadzaza, abambo onse akuyang'ana madzi, Nasoko n'kubereka mwanayo kumsana n'kuwoloka naye. Mwanayo tsopano ali ndi ana ake. Ananena kuti sanathokozepo mokwanira, poganiza kuti nthawi ilipo. Atafika pamenepo mawu anawathera.

"Pitirizani, musafupikitse," anatero Nasoko. "Mtembo sumva. Ine ndikumva."

Wina ananena za mbewu ya mbatata imene anapatsidwa chaka cha chilala. Wina za tsiku limene Nasoko anakalipira mwamuna woledzera wa mayi wolankhulayo mpaka mwamunayo kuyamba kulowa pakhomo ndi ulemu. A Chapola, amene anali atabwerako kuseri kwa nkhokwe, anati iwo akanangonena zoona, kuti mayiyu pakamwa pake ndi lumo.

"Inu musalankhule," anatero Nasoko. "Ndakuonani liwiro lanu. Ndikadzafadi ndidzayambira kwanu."

Phokoso litachepa, Nasoko anapukuta m'maso ndi duku lija. Mawu ake anali otopa, koma anali ake.

"Bambo andifunsa chimene ndikufuna. Zaka makumi angati izi, lero andifunsa. Ndiye mverani nonse. Sindikufuna pepani. Sindikufuna kunong'onezana pakhomo panga ngati ndagona m'bokosi. Mukabwera, mundiuze amene wakwatiwa, amene wathawidwa, amene mbuzi zake zadya chimanga cha mnzake. Ndikalakwa, mundikalipire. Ndikati ndikuopa, musandipatse phala. Mungokhala. Ngati mulibe mawu, bwerani ndi nyemba zanu mudzasankhire pano."

"Tamva," anatero aNangondo.

"Kumva munamva kale. Ndidzaona kanjirako ngati kameranso udzu."

Amayi anasonkha moto ndi nkhuni zija, n'kuphika chakudya chimene chinabwera kudzapepesa maliro. Nyimbo imene inaduka ija sanaipitirize. Anayambitsa ina, ya m'manja. Koma Yotamu sanasunthe pakhonde. Funso limodzi linali lidakali pakhosi pake, ndipo tsiku limenelo anali ataphunzira kuti funso silidzifunsa lokha.

"Nanga kuchipatala, mayi?"

Amene anali pafupi anasiya kuwomba m'manja. Nasoko anayang'ana bwalo lodzaza, utsi, ana ake awiri a mitu yowala. Kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Ndi mutu umenewo simundiperekeza," anatero. "Madokotala angandisiye ine n'kugoneka inu. Ndipita ndi aNangondo."

Nthungululu imene aNangondo anaimba inamveka mpaka kumsika.

Tsiku la ulendo litafika, Nasoko anakwera minibasi. ANangondo anakhala kumanja kwake, ndi nkhani zokwanira msewu wonse. Kumanzere kunakhala Yotamu, atavala chipewa. Ukali wa mankhwala sunasinthe. Nasoko anasanzanso, anafookanso, ndipo analipo masiku amene ankalira. Koma akati, "Ndikuopa, bambo," Yotamu ankaika nyundo pansi, n'kukokera mpando pafupi.

Inu amene mukumva fanizoli, mwina mufunsa ngati Nasoko anachira. Zimenezo n'za madokotala, ndipo sindikunamizani kuti kuseka kumasungunula chotupa. Chimene chikondi chinachita n'chochepa kuposa pamenepo, koma popanda icho mankhwala akanatsala m'botolo: chinamukweza minibasi. Ife maliro timawadziwa. Timadziwa nkhuni zake, nyimbo zake, ndi mawu okoma onena za munthu amene sakumvanso. Ngati pali wina wanu amene akulimbana ndi matenda aatali, musadikire uthenga. Musamuganizirenso nokha chimene chingamutonthoze, ngakhale mtima wanu uli wabwino. Pitani, khalani pansi, mufunseni. Ndipo mawu amene mwasungira kumanda, kamuuzeni lero, makutu ake akadali otseguka.